Poni ya pa f7 inali nyambo: mayankho a mafunso anu a chess

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Salima, ndipo pafupifupi onse akuzungulira nkhani imodzi: gemu yatha, pepala la mamuvu lili m'thumba, nanga n'kutani nalo? Kwa amene sanazolowere kalembedwe, K ndi mfumu, Q ndi kwini, R ndi ruku, B ndi bishopu, N ndi hachi. Bokosi lililonse lili ndi dzina, chilembo (a mpaka h) ndi nambala (1 mpaka 8, kuwerenga kuchokera kumbali ya zoyera). Poni ilibe chilembo, timangolemba bokosi limene yafikapo. Chizindikiro cha x ndi kudya, + ndi cheki, # ndiye kuti mfumu yagwidwa, gemu yatha. 0-0 ndi castling, kubisa mfumu poisuntha pamodzi ndi ruku, ndipo madontho atatu, monga 3...Bb4, akusonyeza muvu ya zakuda. Musanapitirire kuwerenga yalani bolodi, bokosi loyera likhale pakona ya kudzanja lanu lamanja. Tsamba lino silowerenga chogona pamkeka ayi.

FUNSO: Akonzi, ndinasewera zoyera pa mpikisano wa makalabu kuno ku boma, gemu ya mphindi 60 ndi masekondi 30 owonjezera pa muvu iliyonse. Inayenda motere: 1.e4 e6 2.d4 d5 3.Nc3 Bb4 4.e5 c5 5.a3 Bxc3+ 6.bxc3 Ne7 7.Nf3 Nbc6 8.Bd3 0-0 9.Bxh7+ Kxh7 10.Ng5+ Kg8 11.Qh5 Re8 12.Qxf7+ Kh8 13.Qh5+ Kg8 14.Qh7+ Kf8 15.Qh8+ Ng8 16.Nh7+ Kf7 17.Ng5+ Kf8 18.Nh7+ Kf7 19.Ng5+ Kf8, ndipo tinalepherana. Anzanga ena akuti ndinalakwa kupereka bishopu, ena akuti gemu inali yanga. Zoona n'ziti?
Wowerenga wa ku Kamuzu Road

YANKHO: Achimwene, amene akudandaula za bishopu aja akuweruza ndi zotsatira, sakuyang'ana zimene zinali pabolodi. 9.Bxh7+ inali muvu yolondola. Gemu inakupulumukani pa muvu 12, chifukwa cha poni imodzi imene simunkayenera kuidya. Koma tiyambire kumayambiriro.

Mamuvu asanu ndi awiri oyamba ndi odziwika kale. Katsegulidwe kameneka ndi French Defence, dzina limene linachokera pa gemu ya pamakalata imene London ndi Paris anayamba mu 1834, ndipo 3...Bb4 ndi nthambi yake yotchedwa Winawer, potengera Szymon Winawer wa ku Poland. Pa 5...Bxc3+ mnzanuyo wapereka bishopu wake wa mabokosi akuda kuti akusokonezereni maponi, ndiye mwatsala ndi awiri ondondozana pa c2 ndi c3. Ndi malonda, aliyense wapezapo chake. Iye wapeza maponi ofooka oti aziwapanikiza ndi kwini kuchokera pa a5. Inu mwapeza malo kumbali ya mfumu, komanso poni ya pa e5 imene ikuletsa hachi yake kukhala pa f6. Mfundo yomalizayi muigwire, pakuti gemu yonse yatsamira pamenepo. Hachi ya pa f6 ndiye mlonda wa h7. Ikasowa, khomo limenelo latsala ndi mfumu yokha.

N'chifukwa chake 8...0-0 ndi kulakwa koyamba kwenikweni mu gemu imeneyi, ngakhale ikuoneka ngati muvu ya munthu wophunzitsidwa bwino. Ana timawauza kuti mfumu ibisike msanga, koma apa mfumu yasamukira kumene kukuyaka moto. Mnzanuyo akanayamba wathamangitsa bishopu wa pa d3 ndi 8...c4, kapena 8...Qa5 9.Bd2 c4, bishopu n'kubwerera pa e2 kumene h7 sakuionanso. Za kubisa mfumu zikanabwera pambuyo.

Nsembe ya bishopu pa h7 ndi yakale, inkadziwika kale pa nthawi ya Gioachino Greco wa ku Italy m'zaka za m'ma 1600. Siigwira paliponse, ndipo amene amaiponya mongotengera ena amatsala opanda bishopu. Mu gemu yanu zonse zoiyenereza zinalipo. Njira ya bishopu kuchoka pa d3 kufika pa h7 inali yoyera. Hachi inali pa f3, yokonzeka kulumphira pa g5, ndipo ikangochoka pamenepo kwini amapeza njira ya ku h5. Bishopu wa pa c1 amateteza g5 ali pomwe anabadwira. Hachi yakuda ya pa e7 inatsekereza kwini wake yemwe, moti sakanatha kudya pa g5. Chimodzi mwa zimenezi chikanasowa, mwachitsanzo bishopu wakuda akanakhala pa e7, nkhani ikanakhala ina.

Pambuyo pa 10.Ng5+ mfumu ili ndi mabokosi anayi, ndipo pophunzira gemu onse anayi ayenera kuyesedwa, osati okhawo amene anaseweredwa. 10...Kh8 ikufa msanga: 11.Qh5+ Kg8 12.Qh7#. 10...Kh6 ikukumana ndi 11.Nxf7+, cheki ya pawiri, ya hachi ndi ya bishopu wa pa c1. Cheki ya pawiri siitchingika, mfumu iyenera kusuntha, kenako hachi idya kwini pa d8. Youma mutu ndi 10...Kg6, mfumu kutuluka pabwalo. Pamenepo 11.h4 ndi yamphamvu, chifukwa ikuopseza 12.h5+: mfumu ikapita pa h6 ikumana ndi cheki ya pawiri ija, ikapita pa f5 ndiye 13.Qf3#. Wa zakuda ali ndi muvu imodzi yodzikonzera izi zisanachitike, choncho nthambi imeneyi ndi imene munkayenera kutherapo nthawi yambiri musanapereke bishopu. Dzifunseni moona mtima ngati munaiwerengera, kapena munangoyembekezera kuti abwerera pa g8.

Anabwereradi pa g8. 11.Qh5 ikuopseza kumaliza pa h7, ndipo 11...Re8 ndi yokhayo yopatsa mfumu pothawira. Tsopano imani pamenepa, musasunthe kanthu.

Yopambana inali 12.Qh7+ Kf8 13.Qh8+ Ng8 14.Nh7+ Ke7 15.Bg5+. Taonani kuti mayankho onse a wa zakuda kufika apa ndi okakamizidwa, alibe china choti asankhe. Akatchinga ndi 15...f6, 16.Qxg7# yatha: pa d6 pali diso la poni ya e5, pa d8 ndi e8 pakhala zida zake zomwe. Akathawa ndi 15...Kd7, 16.Bxd8 mwadya kwini, ndipo ngakhale abweze podya bishopu, 17.Qxg7 ikusiyani ndi kwini ndi maponi awiri pamtengo wa mabishopu awiri. Yofuna maso ndi 15...Nf6, chifukwa hachi ikachoka pa g8 ruku ya pa e8 imayamba kuyang'ana kwini wanu pa h8. Apa musafulumire kudya hachi. 16.Qxg7 ikuchotsa kwini pangozi, hachi ya pa f6 idakali yomangidwa chifukwa ikutchinga cheki ya bishopu, ndipo 16...Kd7 17.Nxf6+ Kc7 18.Nxe8+ ikukolola hachi ndi ruku.

Nanga 12.Qxf7+ inalakwika pati, poti ndi cheki komanso ikudya poni? Yerekezani malo awiri. Mu njira yopambana, hachi itapereka cheki pa h7 mfumu inali ndi bokosi limodzi lokha, e7, kumene bishopu amaidikirira. Mu gemu yanu cheki yomweyo inapeza f7 ili pululu, ndipo amene anasesa bokosilo ndinu nomwe. Poni ya f7 inali khoma lotsekera mfumu yake m'nyumba yoyaka, inu n'kuligumula. Ichi chakoma icho chakoma, pusi anagwa chagada. Mfumu itakhala pa f7 zinthu zinatembenuka: hachi ya pa g8 inamasuka, ndipo ikanangosuntha, ruku ikanapeza kwini wanu atapanikizika pakona, kumbuyo kwake kutatsekedwa ndi hachi yanu yomwe. N'chifukwa chake munakakamizika kubwerera ndi 17.Ng5+.

Tikukayikira kuti dzanja linapita pa f7 lokha chifukwa cha chizolowezi, ndipo chizolowezicho chili ndi gwero. Hachi yakuda ikakhala pa d7, e7 pali popanda kanthu, kudya f7 kaye ndiye njira yolondola: Qxf7+ Kh8, Qh5+ Kg8, Qh7+ Kf8, Qh8+ Ke7, Qxg7#. Pamenepo kusowa kwa poni ya f7 ndi kumene kumatsegulira kwini mzere womalizira. Koma hachi ikakhala pa e7 imatha kutchinga pa g8, ndipo ndondomeko yonse imasintha. Kusiyana kwake ndi bokosi limodzi la chida chimodzi. Mukope lanu musalembe kuti "ndinaphonya mwayi", mawu amenewo sadzakuthandizani. Lembani kuti "hachi ili pa e7, ndiyambe ndi Qh7+, f7 ndiisiye".

Ngakhale pambuyo pa 15...Ng8 munali musanathe mphamvu. Ruku ya pa h1 ndi bishopu wa pa c1 sanaponyeko phazi pankhondo yonseyi, mumamenya ndi zida ziwiri zokha. Yesani pabolodi 16.h4 ndi cholinga cha Rh3 kenako Rf3+. Si njira yokakamiza, wa zakuda amapeza mpata wobwezera pakati ndi ...cxd4 kapena ...Nxe5, koma inali yoyenera kuiganizira musanavomere kulepherana. Kuvomerako sitikukunyozani nako. Munthu amene ali kumbuyo ndi bishopu, ngati sakuona njira, theka la pointi si lotaya.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndinali ndi poni imodzi yoposa, ndinasinthanitsa maruku kuti ndimalize mosavuta, koma gemu inathera pa stalemate. Zoyera zinali zanga: mfumu pa d5, poni pa e4. Mfumu yakuda inali pa e7, muvu inali yanga. Ndinasewera 1.e5. Kodi panali chopambana?
Mayi wa ku Chipoka

YANKHO: Chinalipo mayi, ndipo chinali muvu imodzi yokha: 1.Ke5. Poni munaikankha msanga. M'malo otere mfumu ndiyo imalambula njira, poni imatsatira pambuyo.

Tione kaye mmene yanu inathera, chifukwa tikukhulupirira inayenda chonchi: 1.e5 Kd7 2.e6+ Ke7 3.Ke5 Ke8 4.Kd6 Kd8 5.e7+ Ke8 6.Ke6. Mfumu yakuda siili pa cheki koma ilibe koponda, wa zakuda alibe chida china choti asunthe, ndiye malamulo amati mwalepherana. Mnzanuyo amadziwa ntchito yake, umboni wake ndi 3...Ke8, kubwerera m'mbuyo molunjika. Akanapatuka ndi 3...Kd8, mukanapambana ndi 4.Kd6 Ke8 5.e7 Kf7 6.Kd7. Kachizindikiro kosavuta kukumbukira ndi aka: poni yanu ikafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri ikupereka cheki, kawirikawiri gemu yalephereka. Ikafika mwakachetechete, mwapambana.

Tsopano 1.Ke5. Mafumu ayang'anizana, pakati pawo pali bokosi limodzi, ndipo woyenera kusuntha ndi wa zakuda. Osewera amati mwatenga opposition. Amene nthawi yosuntha yamugwera ndi amene amapatuka. Akapita 1...Kd7, inu mudutsa mbali inayo, 2.Kf6. Kenako 2...Ke8 3.Ke6, mwayang'anizananso. 3...Kd8 ikumana ndi 4.Kf7, 3...Kf8 ikumana ndi 4.Kd7, ndipo mfumu yanu ikulondera e6, e7 ndi e8, poni ingoyenda ngati pamsewu wa tala. Kwa poni ya pa e4, mabokosi ofunika ndi d6, e6 ndi f6: mfumu yanu ikaponda limodzi mwa amenewa gemu ndi yanu, kaya muvu ndi ya ndani. Maponi a m'mphepete, a pa mzere wa a ndi wa h, salowa m'lamulo limeneli. Mfumu ya mdani ikangofika pakona, palibe choichotsa.

Komabe pophunzira gemu yanuyi musayambire pa 1.e5. Bwererani pamene munasinthanitsa maruku. Kusinthanitsa chida chomaliza kulibe pobwerera, ndipo kumayenera kuchitika pokhapokha mwawerengera mpaka kuona poni ikusanduka kwini. Ngati munasinthanitsa chifukwa chongomva kuti wotsogola azisinthanitsa zida, ndiye kuti vuto lenileni lili pamenepo, ngakhale malo amene munafikapo anali opambana. Malo amenewa ayaleni kunyumba, muwasewere ndi mnzanu kakhumi mbali iliyonse, mukusuntha poni ndi mafumu bokosi limodzi uku ndi uku.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndimayang'anira kalabu ya chess pasukulu. Ana akabwera ku mpikisano amangonena kuti "ndinapambana" kapena "anandibera kwini", mapepala n'kutaya. Tili ndi mabolodi atatu ndi foni imodzi, yanga. Tiziphunzira bwanji magemu awo?
Mphunzitsi wa ku Khombedza

YANKHO: Aphunzitsi, mabolodi atatu ndi okwanira, ndipo foniyo ikhale yomaliza kutuluka m'thumba.

Ntchito imayambira kumpikisano komweko. Gemu ikatha, mwana apemphe mnzake amene wasewera naye kuti abwereze gemuyo limodzi kwa mphindi khumi, kunja kwa chipinda chosewerera kuti asasokoneze ena. Afunse funso limodzi: "Pamenepa mumaopa chiyani?" Mayankho ake amadabwitsa. Nthawi zambiri mwana amapeza kuti chimene iye amachinyadira mnzakeyo sanachione n'komwe, pomwe chimene mnzakeyo amachiopa iye sanachiganizeko. Tsiku lomwelo asanagone alembe m'kope zimene ankaganiza pa mamuvu amene anakhalitsa. Pakapita masiku atatu maganizo amenewo amafufutika, mwana amayamba kukumbukira zimene akanafuna kuti aganize.

Pakalabu tengani gemu imodzi pa tsiku, osati zisanu. Mphindi 45 kapena ola limodzi zimakwana. Mwini gemu asunthe zida, anzake azungulire bolodi. Ulendo woyamba ingodutsani gemu yonse osayankhulapo, kuti aliyense aone mmene inayendera. Ulendo wachiwiri imani malo ochepa, atatu kapena anayi. Oyamba ndi pamene mwana anasiya kusewera zoloweza n'kuyamba kuganiza yekha. Ena ndi pamene maponi anadyana kapena zida zinasinthanitsidwa, chifukwa pamenepo maonekedwe a gemu amasintha osabwereranso. Omaliza ndi pamene zinthu zinagwa. Apa chenjerani: mwana akanena kuti anamubera kwini pa muvu 23, bwererani mamuvu atatu kapena anayi m'mbuyo. Kwini sabedwa ali pabwino, pali muvu ina imene inamuika pamalo opanda pothawira. Mu gemu ya ku Kamuzu Road ija, wa zakuda akanati vuto lake linali 9.Bxh7+ akanaphonya phunziro, pakuti vuto linali 8...0-0.

Pamalo alionse oimapo, phimbani pepala kuti muvu yotsatira isaoneke. Mwana aliyense atchule macheki onse, zodya zonse ndi zoopseza zonse, za mbali zonse ziwiri, kenako asankhe muvu yake ndi kunena chifukwa chake m'mawu. Kenako tembenuzani bolodi, mwini gemu akhale kumbali ya mdani wake. Zimene sankaziona zimaonekera pamenepo. Mawu akuti "apa zinali bwino" musawalole. Anene kuti bwino chifukwa chiyani: ruku ili pa mzere wotseguka, hachi ili pa bokosi limene poni singaithamangitse, mfumu ya mdani yatsala ndi woiteteza mmodzi.

Magemu akakwana khumi, mwana awerenge zolakwa zake n'kuziika m'magulu. Kodi sanaone chimene mnzake amaopseza? Anaona koma anawerengera molakwa muvu yomaliza? Nthawi inamuthera? Kapena sankadziwa kamalizidwe, ngati mayi a ku Chipoka aja? Gulu limene ladzaza ndilo ntchito ya mwezi wotsatira. Kwa ana ambiri limadzaza ndi loyamba lija, ndipo mankhwala ake si kuloweza katsegulidwe katsopano, koma kudzifunsa pa muvu iliyonse kuti "wasunthiranji chimenechi?" asanaganize zawo.

Magemu opambana nawonso azibwera pabolodi. Ana amawabisa chifukwa amaona ngati mulibe mlandu, chonsecho m'menemo ndi mmene zolakwa zimagona osadzudzulidwa.

FUNSO: Ndinaika gemu yanga pa Lichess, tsamba la chess la pa intaneti. Penapake ikulemba +0.4, kenako +2.7, kenako 0.0. Ikuonetsanso muvu imene sindikuimvetsa n'komwe. Manambalawa akutanthauza chiyani?
Mnyamata wa ku Senga Bay

YANKHO: Amene akuwerengera pamenepo ndi Stockfish, pulogalamu yaulere imene imaposa munthu wina aliyense pa chess. Nambala yokhala ndi + ndiye kuti zoyera zili bwino, yokhala ndi chizindikiro chochotsera ndiye zakuda. Mongoyerekeza, 1.0 ndi ngati kutsogola ndi poni imodzi, 3.0 ngati hachi kapena bishopu, ngakhale zida pabolodi zikhale zofanana. 0.0 sikutanthauza kuti gemu ndi yozizira. Nthawi zina ikutanthauza kuti pali cheki yosatha, kapena kuti pali muvu imodzi yokha yopulumukira imene makina aiona koma munthu sangaione msanga. Ikalemba # ndi nambala, monga #3, ndiye kuti mfumu igwidwa m'mamuvu atatu.

Kusintha kuchoka pa +0.4 kufika pa +0.1 musatayepo tulo, magemu a m'makalabu sagamulidwa ndi zimenezo. Sakani pamene nambala yadumpha kwambiri, monga panu paja pa +2.7 kugwera pa 0.0. Pamenepo zimitsani makina, yalani malowo pabolodi, mufufuze nokha kwa mphindi khumi. Mukalephera, yatsani muone muvu yoyamba yokha, muzimitsenso, muyese kupeza chifukwa chake. Muvu imene simukuimvetsa ija muifunse mafunso: sewerani yankho limene inu mukanaliopa, muone mmene makina akulilangira, mubwerere muyese lina. Mukatha kufotokozera mnzanu m'Chichewa chifukwa chake muvuyo ili yabwino, mwaphunzira. Mukangoloweza kuti kompyuta inati Rd1, gemu yotsatira Rd1 yomweyo idzakhala yolakwa.

Pafoni ipatseni nthawi. Nambala imene imaoneka m'sekondi yoyamba imasintha makina akazama, choncho dikirani mpaka itakhazikika. Ngati bandulo ndi yovuta, pa mafoni a Android pali DroidFish, imene imayendetsa Stockfish popanda intaneti mukangoitsitsa kamodzi. Koma zonsezi ndi za kunyumba. Malamulo a FIDE, bungwe la chess la dziko lonse lapansi, saloleza kukhala ndi foni m'thupi gemu ili mkati, ndipo wopezeka nayo amaluza gemuyo ngakhale akhale kuti sanaigwiritse ntchito. Funsani woyimbira kumene mafoni akusungidwa raundi isanayambe.

FUNSO: Kodi si bwino kungophunzira magemu a Magnus Carlsen kapena Gukesh m'malo motaya nthawi ndi magemu athu odzaza ndi zolakwa?
Wowerenga wa ku Lifuwu

YANKHO: Aonereni, ndi okoma. Koma akatswiri amenewo misampha amaizemba isanaoneke pabolodi, ndiye inu simuona chimene chikanachitika. Carlsen sangasewere 8...0-0 ija, choncho m'magemu ake simudzaona mmene imalangidwira. Amene mudzakumane naye Loweruka likudzali adzaisewera. Ngati mukufuna akatswiri, yambani ndi akale ngati Paul Morphy wa m'zaka za m'ma 1850, amene adani ake ambiri ankalakwa zolakwa zofanana ndi zathu.

FUNSO: Ndikafika kunyumba pepala langa silimveka. Pofika muvu 20 zida zimakhala pamalo osatheka. Komanso pa gemu ina malo anabwerezeka katatu, ndinasuntha n'kuitana woyimbira, koma anandikanira. Ndinalakwa chiyani?
Bambo wa ku Salima boma

YANKHO: Bambo, mapepala osamveka ali ndi matenda odziwika. Loyamba limagwira wosewera zakuda, amene amawerenga mizere kuchokera kumbali yake, n'kulemba e4 pamene wasewera e5, kapena Nf3 m'malo mwa Nf6. Lachiwiri ndi kusatchula chida chimene chasuntha pamene ziwiri zikanatha kufika pa bokosi lomwelo. Mu gemu yoyamba ija tinalemba 7...Nbc6 chifukwa hachi ya pa e7 nayo ikanatha kupita pa c6. Mukangolemba Nc6, kunyumba mudzasuntha yolakwika ndipo zonse zotsatira zidzasokonekera. Maruku ndiwo amavutitsa kwambiri: Rad1 ndi Rfd1 ndi magemu awiri osiyana. Lachitatu ndi kudumpha muvu imodzi, zoyera n'kuyamba kulowa m'danga la zakuda. Mankhwala ake ndi kufananiza pepala lanu ndi la mnzanu musanasaine, ndi kulijambula kapena kulikopera pomwepo, chifukwa pepala lenilenilo ndi la okonza mpikisano.

Malamulo amati muzilemba muvu yanu ndi ya mnzanu pamene gemu ikuyenda, ndipo muzisuntha kaye kenako n'kulemba. Mumaloledwa kusiya kulemba ngati mwatsala ndi mphindi zosakwana zisanu, koma pokhapokha ngati gemuyo ilibe masekondi 30 owonjezera pa muvu iliyonse. Ngati alipo, mulemba mpaka kumapeto. Pa magemu a rapid, a nthawi yochepa, kulemba si kokakamiza. Maganizo anu papepalapo saloledwa, koma nthawi ya pawotchi imaloledwa, ndipo tikukulimbikitsani kuilemba pa mamuvu asanu alionse ndi paliponse pamene mwakhalitsa. Pophunzira gemu manambala amenewo amaulula zambiri. Munthu amapeza kuti anatha mphindi 18 posankha pakati pa mamuvu awiri abwino, kenako muvu imene inagamula gemu anaisewera m'masekondi khumi.

Za kubwerezeka katatu, woyimbira sanakulakwireni. Wopempha kulepherana ayenera kukhala amene muvu ili kwa iye. Ngati muvu imene mukufuna kusewera ndiyo ibweretse malowo kachitatu, musagwire chida. Ilembeni papepala, imitsani wotchi, itanani woyimbira mumuuze kuti mukufuna kusewera muvu imeneyo. Apa ndi pamene malamulo amalola kulemba musanasunthe. Mukasuntha kaye, muvu yapita kwa mnzanu, ndipo ufulu wopempha wapita nayo. Chimene chimawerengedwa ndi malo, osati mamuvu: zida zonse zikhale pa mabokosi omwewo, woyenera kusuntha akhale yemweyo, ndipo ufulu wa castling ndi wa en passant (kudya poni imene yangodumpha mabokosi awiri) ukhale wosasintha. Sikofunika kuti kubwerezekako kukhale kondondozana. Mu gemu ya ku Kamuzu Road, malo a pambuyo pa 15...Ng8 anabweranso pambuyo pa 17...Kf8 ndi 19...Kf8. Wa zakuda akanatha kulemba 19...Kf8 osaisewera n'kuitana woyimbira, kapena, itaseweredwa, wa zoyera ndiye anali ndi ufulu wopempha. Popanda wopempha gemu imapitirira, mpaka malowo atabwera kachisanu, pamene woyimbira amaiimitsa yekha.